Masters ya nutrition ndi ma app oyeza chakudya: yankho kwa achemwali ena kuno ku Joni

Achemwali ena anditumizira imelo. Akuti anamaliza digiri ya nutrition ku Bunda, pano ali kuno ku Johannesburg akugwira ntchito ina yosagwirizana ndi pepala lawo, ndiye akufuna kubwerera ku sukulu kukapanga masters ya global nutrition, makamaka mbali ya ma app oyeza zomwe munthu wadya. Funso lawo ndi lakuti kodi zimenezi zili ndi tsogolo, nanga ayambire pati?

Achemwali, tsogolo lilipo, koma musakopeke ndi app yokhayo ayi. Ma app alipo kale ambirimbiri. Ku America kuli ASA24 ya National Cancer Institute, ku UK kuli Intake24 yomwe inayambira ku Newcastle University, ndipo a Tufts University anapanga INDDEX24 yoganizira mayiko ngati athuwa. Onsewa maziko ake ndi amodzimodzi, 24-hour recall yomwe ija munaphunzira, kumufunsa munthu zonse zomwe wadya dzulo kuyambira podzuka mpaka pogona, kenako kubwerezanso kuti akumbukire tiyi, mtedza wa panjira ndi chimanga chootcha chija anaiwala.

Povuta ndi apa. Mwafika pakhomo ku Ntcheu, mayi akuti "tinadya nsima ya nkhwani wotendera". Chabwino. Mitanda ingati? Chipande chake chachikulu bwanji? Ufa wake mgaiwa kapena woyera, poti ufa woyera uja ukakonoledwa ndi kuviikidwa zambiri zofunika m'thupi zimapita ndi gaga? Ndiwozo ana atatu anapisa mbale imodzi, ndiye wa zaka ziwiriyo anadyapo zochuluka bwanji, nsinjiro zinali zingati, mafuta aja ogula a mu kachubu anathira onse kapena anasungako a mawa? Kamera ya foni ingajambule mbale bwinobwino koma siingaone mafuta omwe alowa kale mu ndiwo, komanso siidziwa kuti dzanja la ndani linapisa kangati. Onjezani kuti anthu akaona mlendo wa foni ndi yunifolomu ena amachepetsa dala poganiza kuti kukubwera thandizo, ena amawonjezera nyama chifukwa cha manyazi.

Ndiye app ikamva "usipa" imayenera kukatenga manambala penapake, ndipo penapakepo ndi food composition table, mndandanda wosonyeza michere yomwe ili mu chakudya chilichonse. Ya Malawi inatuluka mu 2019, LUANAR inagwira limodzi ndi Tufts komanso a South African Medical Research Council omwe amasunga SAFOODS, mndandanda ngati womwewo wa kuno ku South Africa. Ngati simunaiwerenge ipezeni lero pa intaneti, muone zomwe zilimo ndi zomwe mukuona kuti zikusowa, mutu wa research yanu ukhoza kuchokera pomwepo. Ngakhale kuno komwe, ufa wa m'mashopu lamulo linakakamiza kuti uziwonjezeredwa mavitamini ndi iron kuyambira 2003, ndiye nsima ya Mmalawi wa ku Rosettenville kuno ku Joni ndi ya amayi ake ophika ufa wa kuchigayo sizofanana pa pepala olo zikuoneka chimodzimodzi mu mbale. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba za zimenezi, kadyedwe ka a Malawi okhala kuno.

Za sukulu. Simukuyenera kuthamangira kunja. Yunivesite ya Wits kuno ku Joni ili ndi School of Public Health ku Parktown, komanso gulu la ofufuza la DPHRU ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, komwe akhala akutsatira ana obadwa mu 1990 pa kafukufuku wa Birth to Twenty. North-West University ku Potchefstroom ili ndi Centre of Excellence for Nutrition, Stellenbosch nayonso ili ndi nthambi ya nutrition. Kunja kuli London School of Hygiene & Tropical Medicine yomwe ili ndi MSc ya Nutrition for Global Health, ndi Friedman School ya Tufts ku Boston. Ya ku UK mungayesere ma scholarship a Chevening kapena Commonwealth, koma dziwani kuti Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri.

Za mapepala ndingonena mwachidule: digiri yanu ipite ku SAQA, bungwe la kuno loona mapepala a maphunziro, akaiyeze, masters kuno ili pa level 9 ya NQF, mlingo wa maphunziro wa kuno, ndiye ena amauzidwa ayambe apanga honours, study visa imafuna medical aid, ndipo funsani za fizi ya ophunzira a SADC chifukwa imakhala yotsikirapo kusiyana ndi ya ochokera kutali. Yambani msanga, zinthuzi zimachedwa.

Chomwe ndingakulimbikitseni kwambiri ndi kusankha supervisor, osati dzina la pulogalamu. Werengani zomwe munthuyo walemba posachedwa, muone ngati anagwirapo ntchito ya kumudzi yoyeza chakudya ndi sikelo, kenako mulembereni imelo yaifupi yonena funso lanu lenileni. Mawu oti "ndimakonda nutrition" amalandira tsiku lililonse, koma mukalemba kuti mukufuna kuona ngati zithunzi za mitanda ya nsima zingathandize kuyeza bwino poyerekeza ndi kupima pa sikelo, ameneyo ayankha. Ndipo statistics musaithawe chonde, yambani pulogalamu ya pa kompyuta ya R panopa poti ndi yaulere, inzake ya Stata mudzaipeza ku sukulu.

Ntchito zake? Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi (MDHS) wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira, kwinaku m'matauni shuga ndi BP zikukwera, ndiye boma, mabungwe ngati UNICEF, WFP ndi FAO komanso mayunivesite amafuna anthu odziwa kuyeza kadyedwe molondola. Kungoti ngati cholinga chanu ndi kuona odwala kuno ngati dietitian, imeneyo ndi njira ina, imadutsa ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito za umoyo kuno, ndipo masters ya global nutrition payokha siikupatsani chilolezo chimenecho.