Kodi timu idalire katswiri amene amavulala pafupipafupi?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa ngati ndi chanzeru kuti timu ya kiriketi izidalira katswiri mmodzi amene luso lake palibe angalitsutse, koma amavulala pafupipafupi. Akuti anzake amanena kuti wosewera wotere, ngakhale atasewera theka la masewero a pachaka, amaposabe wosewera wamba amene sajomba.

Anzanuwo sakunama, ndipo ine sindinganene kuti katswiri wotere asiyidwe. Komabe vuto lalikulu silibwera akavulala masewero asanayambe, chifukwa pamenepo mphunzitsi amakhala ndi mpata wosankha wina. Limabwera akavulala masewero ali mkati. M'masewero a pakati pa mayiko, wolowa m'malo mwa wovulala amaloledwa kutola ndi kuwakha mpira m'bwalo basi, osati kuponya kapena kumenya, kupatula ngati wovulalayo wagundidwa m'mutu, malinga ndi lamulo limene linayamba mu 2019. Choncho m'masewero a Test, amene amatha masiku asanu, woponya mpira akapweteka msana tsiku lachiwiri, anzake atatu kapena anayi otsalawo ndiwo amasenza ntchito yake mpaka kumapeto.

Zimenezi zinaonekera poyera pamene India inapita ku Australia kumapeto kwa 2024. Jasprit Bumrah, katswiri woponya mpira wa India, amene anali atachitidwa kale opaleshoni ya msana mu 2023, anagwetsa mawiketi 32 (kutanthauza kuti anatulutsa omenya ka 32) m'masewero asanu a Test a paulendowo. Ku Melbourne kokha anaponya maova oposa 50 (ova imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi), chifukwa nthawi iliyonse zinthu zikavuta, kaputeni ankampatsanso mpira iye yemweyo. Paja amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Atafika ku Sydney mu Januwale 2025, msana unamugwira masewero ali mkati, ndipo pamene Australia inkafuna marani (mapointi a mu kiriketi) 162 okha kuti ipambane, iye anangokhala panja n'kumaonerera. India inagonja, ndipo mndandanda wonse wa masewerowo unatha 3-1. Ine sindimuimba mlandu waukulu kaputeni, pakuti munthu amene ali ndi woponya wotere m'manja sangapirire kuona marani akuchuluka iye atangoima. Mlandu uli kwa osankha timu amene sanampatse oponya ena odalirika mofanana.

Zimavuta koposa ngati katswiriyo amachita zonse ziwiri, kuponya ndi kumenya, chifukwa akachoka amasiya mipata iwiri. Hardik Pandya atavulala akakolo posewera ndi Bangladesh pa World Cup ya 2023, India inafunika kulowetsa anthu awiri, Suryakumar Yadav womenya ndi Mohammed Shami woponya, ndipo inatsala ndi oponya enieni asanu okha. Mwayi wake unali wakuti Shami anali wokonzeka, moti anamaliza mpikisanowo ndi mawiketi 24, kuposa wina aliyense. Ndi matimu ochepa kwambiri amene amakhala ndi munthu wa msinkhu umenewo atangokhala pabenchi.

Kudikira nakonso kumadya timu pang'onopang'ono. Jofra Archer, woponya mpira, anathandiza England kutenga World Cup ya 2019, koma chifukwa chovulala chigongono ndi msana sanasewere Test iliyonse kuyambira Febuluwale 2021 mpaka Julaye 2025. Zaka zinayi ndi nthawi yokwanira kukuza woponya wina, ndipo timu imene ingasunge malo nthawi yonseyo, n'kumauza wachinyamata kuti akungogwirizira, singadabwe ngati wachinyamatayo sakukhwima.

Chimene ndingakuuzeni tsono ndi chakuti katswiri wotere asankhidwe, koma masewero ake awerengedwe pasadakhale. Pamene India inapita ku England mu 2025, atsogoleri ake analengeza asanayambe kuti Bumrah asewera masewero atatu okha mwa asanu, ndipo sanasinthe maganizo ngakhale anthu ambiri anadandaula. Awiri amene iye sanasewere, pa mabwalo a Edgbaston ndi Oval, ndi amene India inapambana, chifukwa oponya anzake, Mohammed Siraj ndi Akash Deep, anadziwa kuti mpira uli kwa iwo ndipo palibe wina woti amuyang'anire. Mndandandawo unatha 2-2.