Mwafunsa, Tayankha: Nkhuti Ikamadzaza Msanga

Funso: Tikukhala m'nyumba ya lendi ndipo pabwalo palibenso malo okumba nkhuti ina. Yomwe ilipoyi yadzaza ndi majumbo komanso ndiwo zoola. Nditani? (Mayi wa ku Ndirande, Blantyre)

Yankho: Amayi, zambiri zimene zadzaza nkhutiyo munachita kubwera nazo kuchokera kumsika, ndiye yambirani komweko. Majumbo opyapyala, osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), boma linawaletsa mu 2015 ndipo Khoti la Suprimu linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma akupezekabe chifukwa ogula timawalandira. Jumbo siwola. Mvula ikagwa amatseka ngalande, ena n'kukathera mumtsinje wa Mudi, ndipo mbuzi ikawameza amaunjikana m'mimba mpaka kuwonda.

Pitani ndi chitenje chakale kwa telala akusokereni zikwama ziwiri. Muwauze abwereze ulusi pa zogwirira, chifukwa ndi pomwe pamayamba kuthothoka. M'chikwamamo muzikhala botolo louma la mafuta oyeza ndi kontena yotseka ya usipa kapena nyama.

Zosawonongeka msanga monga mchere, nyemba, shuga ndi sopo gulani zambiri kamodzi. Ngati ndalama yachepa, sonkhani ndi anzanu awiri kapena atatu mugawane, mtundu uliwonse m'chigubu chake. Koma masamba gulani a masiku awiri okha. Tomato sakanizani wakupsa ndi wosapsetsa, ndipo mukafika kunyumba muyaleni palichero pamthunzi. Akakhala mujumbo amachita thukuta n'kuyamba kuwola, ndipo mmodzi akaphulika amawoletsa anzake.

Nkhwani kapena khwanya zikatsala, futsani. Ziviikeni m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, tsanulani, yanikani mopyapyala mpaka zizifumbutuka mukazifinya. Mfutso wosaumitsa umachita nkhungu m'thumba.

Funso: Ndinayesa kupanga manyowa ndi makoko ndi zotsala za kukhitchini, koma mulu unkanunkha ndipo makoswe anachuluka. Ndinalakwitsa pati? (Bambo wa ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Bambo, fungolo likusonyeza kuti muluwo unanyowa kwambiri n'kusowa mpweya. Makoswe amabwera chifukwa cha mkute, mafupa, mitu ya nsomba ndi ndiwo zamafuta. Zimenezi zisalowe pamulu. Mkute patsani nkhuku.

Yambaninso motere. Sankhani malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, pamthunzi. Pansi yalani mapesi odula kapena timitengo, kukwera kwake ngati chikhatho, kuti mpweya uzilowa. Kenako ikani makoko a nthochi, a mbatata ndi masamba aawisi chidebe chimodzi, n'kuphimba ndi masamba ouma, udzu kapena makatoni ong'ambang'amba zidebe ziwiri. Wazani dothi kapena zitosi za nkhuku pang'ono. Phulusa lisapitirire dzanja limodzi pa muyalo uliwonse, chifukwa lochuluka limathawitsa chonde chomwe mukuchifunacho. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno.

Chinyezi chiyeseni ndi dzanja: mukafinya, pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi, izuleni muikhudze. Ikakhala yofunda, zikuyenda. Ikazizira ndi youma, wazani madzi, koma ikanyowa n'kumanunkha, onjezani zouma. Tembenuzani milungu iwiri iliyonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amada n'kumamveka fungo la dothi. Nthawi ya dzinja phimbani ndi masaka akale a feteleza.

Funso: Kodi zigubu ndi mabotolo onse ndi abwino kugwiritsanso ntchito? (Mtsikana wa ku Mzuzu)

Yankho: Si onse ayi, achemwali. Chigubu chomwe munali mankhwala ophera tizilombo, mafuta a galimoto kapena parafini musasungiremo madzi, thobwa kapena mafuta ophikira, ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa pulasitiki imamwa mankhwalawo. Chibooleni kuti wina asachitole. Ndipo parafini asaikidwe m'botolo la zakumwa: ana amamwa poganiza kuti ndi madzi.

Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 ndiye chuma. Chitsukeni ndi madzi ofunda a sopo, chiume mkati mwenimweni, n'kusungiramo nyemba kapena mpunga. Chikatsekedwa bwino anankafumbwe salowa. Mukachiboola kabowo ndi msomali wamoto pafupi ndi kukamwa, n'kuchipachika ndi chingwe chofika pa ndodo yopondera, mwapanga mpondagiya wosambira m'manja pafupi ndi chimbudzi. Thobwa lowira thirani m'botolo la pulasitiki likazizira, ndipo botolo likakandika mkati lisiyeni, chifukwa m'mikwingwirimamo mumabisala litsiro.

Pulasitiki yotsala musaitenthe pakhomo kapena kuyatsira mbaula, utsi wake umawononga mapapo, makamaka a ana. Sungani mabotolowo m'thumba, ogulitsa thobwa ndi otola zapulasitiki amawafuna.