Akachisi a ku Kyoto ndi Nara: basi isiyeni, yendani wapansi

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogwira ntchito za ulimi, yemwe wasankhidwa kukachita maphunziro a milungu ingapo ku Kobe, m'dziko la Japan, kudzera ku bungwe la boma la dzikolo lothandiza pa chitukuko la JICA, mwezi wa Novembala. Akuti pa ndondomeko yawo pali masiku atatu opuma, ndipo anzawo agwirizana zosonkherana ya basi yozungulira akachisi otchuka a ku Kyoto tsiku limodzi. Iwo mtima uli pa kuyenda wapansi, koma akuopa kusochera ndi kutha kwa ndalama. Afunsanso za njira ya Kumano Kodo yomwe anaiona pa intaneti. Kumapeto kwa kalata ndi kumene kuli funso lomwe ndikuona kuti lawasowetsa tulo: iwo ndi mayi wa Mvano, kodi kulowa m'malo amenewa si kugwadira mafano?

Mayi, zikomo polemba. Basiyo isiyeni. Ku Kyoto kuli akachisi a Chibuda oposa 1,600 ndi a Chishinto pafupifupi 400, ndiye za kuwamaliza iwalani. Chomwe basi imachita n'kukutsitsani pa malo asanu kapena asanu ndi amodzi, nthawi yomweyo imene mabasi ena onse afika, n'kukuuzani kuti muthamange kukajambula. Pofika madzulo mayina asokonekera, zithunzi zonse zikuoneka zofanana. Malo amenewa anamangidwa anthu akufika ndi miyendo. Chipata, masitepe, njira yokhotakhota m'mitengo, zonsezi anazikonza kuti munthu aziyandikira pang'onopang'ono, ndipo woduka pakati watayapo theka. Komanso Novembala ndi mwezi umene masamba a mitengo amafiira, Japan yense n'kukhamukira ku Kyoto. Misewu ya kum'mawa kwa mzinda imathina moti woyenda pansi amaidutsa basi itaima.

Tiyambe ndi funso la chikhulupiriro, chifukwa mukapanda kulithetsa mudzayenda mtima uli m'mwamba. Malo ake ndi amitundu iwiri. Mukaona chipata cha mizati iwiri ndi mitanda iwiri yopingasa pamwamba, chomwe amati torii, mwafika pa kachisi wa Chishinto, chipembedzo cha makolo awo cholemekeza mizimu ya mapiri, mitsinje, mpunga ndi anthu akale. Mukaona chipata chokhala ndi denga, belu lalikulu, utsi wa zofukiza ndi ziboliboli za Buddha, ndi kachisi wa Chibuda, chomwe chinalowa m'dzikomo kuchokera ku Korea m'zaka za m'ma 500. Kwa zaka zoposa chikwi ziwirizi zinasakanikirana, mpaka boma linalamula kuti zilekanitsidwe mu 1868. Mpaka lero mudzapeza torii yaing'ono m'bwalo la kachisi wa Chibuda, ndipo banja limodzi limatengera khanda kwa a Shinto, maliro n'kuitana amonke a Chibuda, osaona vuto.

Opembedza akafika amasamba m'manja ndi m'kamwa pa chitsime cha pakhomo, n'kuponya kandalama m'bokosi. Kwa a Shinto amawerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, kuweramanso kamodzi. Kwa a Chibuda sawomba, amangogwirizanitsa manja mwakachetechete. Palibe chimodzi mwa izi chimene mlendo amakakamizidwa. Palibe mlonda amene adzakuyang'anani ndi diso lofiira chifukwa mwangoima pambali manja ali kumbuyo. Zomwe amafuna kwa inu ndi za ulemu wamba: kutsitsa mawu, kuvula nsapato pamene alemba kuti muvule, kusajambula pamene aletsa, kusaponda pa thabwa la pakhomo koma kulilumpha, ndi kusaima kutsogolo kwa munthu amene akupemphera. Kwa ine, kuona ntchito ya amisiri ndi kuphunzira mbiri ya anthu si kupembedza. Koma chikumbumtima n'chanu, ndipo chinthu chimodzi mukachidziwiretu. Alendo ambiri amagula kabuku kosonkhanitsiramo goshuin, zidindo zofiira zokhala ndi malembo olemba pamanja, zomwe amadinda pa mayeni (ndalama za ku Japan) 300 kapena 500. N'zokongola ndithu, koma chiyambi chake ndi umboni woti munthu wadzapembedza. Ngati zimenezo zikukukandani, zisiyeni pamodzi ndi tizithumwa tansalu togulitsidwa pa mawindo omwewo. Ndinenenso kuti mbiri ya akachisiwa ndi Akhristu si yosalala. Chikhristu chitaletsedwa mu 1614, banja lililonse linkayenera kulembetsa pa kachisi wa Chibuda ngati umboni woti si Akhristu, ndipo chiletsocho chinatha mu 1873. Lero zimenezo ndi za m'mabuku, mungalowe ndi mtanda m'khosi popanda wofunsa.

Tsopano ulendo. Kuchoka ku Sannomiya, pakati pa Kobe, sitima yofulumira ya kampani ya JR imafika ku Kyoto ola lisanakwane. Komabe mukagone ku Kyoto usiku wa dzulo lake, chifukwa chinsinsi chonse chili pa kulawirira. Malo ogona a Novembala amadzaza msanga, sungitsani panopa.

Tsiku loyamba lipatseni mapiri a kum'mawa, dera la Higashiyama. Kachisi wa Kiyomizu-dera amatsegula 6 koloko m'mawa, ndipo nthawi imeneyo mukhale muli pachipata. Anakhazikitsidwa mu 778, Kyoto asanakhale likulu mu 794, koma nyumba zambiri zomwe mudzaone ndi za 1633. Chotchuka ndi khonde lamatabwa lotulukira pa phompho, mamita 13 kuchokera pansi, lokhala pa mizati yolumikizidwa popanda msomali. Kale anthu ankadumpha pa khondeli pokhulupirira kuti akapulumuka pempho lawo lichitika, mpaka boma linaletsa mu 1872. Mukatsike mpaka pansi pomwe madzi a Otowa amagwera m'mipopi itatu, n'kuyang'ana mizatiyo chokweza maso. Ambiri amangoimirira pamwamba osaona chomwe chawanyamula.

Kuchokera apo muzingolowera kumpoto, phiri likhale kudzanja lamanja, simungasochere. Mutsika timisewu ta miyala ta Sannenzaka ndi Ninenzaka mashopu asanatsegule, pomwe masana simungapeze popondetsa phazi. Mudutsa paki ya Maruyama pafupi ndi kachisi wa Yasaka, n'kufika pa Chion-in. Chipata chake cha 1621 ndi chimodzi mwa zipata zamatabwa zazikulu kwambiri m'dzikomo, ndipo masitepe a kuseri kwake ndi aataliatali, okhetsa thukuta ngakhale kukuzizira. Kwerani ndithu, mukafunefune belu lolemera matani pafupifupi 70, lomwe pa usiku wolowa chaka chatsopano limafuna amonke 17 kuti lilire. Kenako Nanzen-ji. Pano pali chinthu chimene inu a zaulimi chidzakusangalatseni: mlatho wa njerwa zofiira wodutsa m'bwalo la kachisi, womangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, wonyamula madzi ochokera ku nyanja ya Biwa. Kwerani pamwamba pake, madziwo akuyendabe. Pafupi pomwepo pali Eikan-do, wotchuka ndi masamba ofiira. Mu Novembala mtengo wolowera umakwera, mzere n'kutalika. Mukaupeza waufupi lowani, apo ayi pitirirani.

Patsogolo pang'ono mulowa kanjira ka makilomita awiri kotsata ngalande, kotchedwa Tetsugaku no Michi pokumbukira Nishida Kitaro, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Kyoto yemwe ankakonda kuyendamo akusinkhasinkha. Musakangoliwondokera. Patukirani kumanja mukaone Honen-in, kachisi wamng'ono wa chipata chofolera ndi udzu, wosalipiritsa kulowa m'bwalo, amene mabasi safikako. Malo ngati amenewa ndiwo malipiro a woyenda pansi. Mutsirizire pa Ginkaku-ji, yomwe Ashikaga Yoshimasa, yemwe anakhalapo wolamulira wankhondo wa dzikolo, anayamba kumanga mu 1482 ngati nyumba yake yopumirako. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 7, koma ndi masitepe ndi kuimaima udzakudyerani tsiku. Mulipire kulowa pa malo awiri kapena atatu basi. Mitengo yake imayambira pa mayeni mazana angapo, pamene mabwalo ambiri ndi aulere.

Anzanu adzakufunsani za Kinkaku-ji, wokutidwa ndi golide uja. Ali kutsidya lina la mzinda, ndipo nyumba yake ndi ya 1955, chifukwa yakale inatenthedwa ndi mmonke wachinyamata mu 1950. Ndi wokongola, koma mumangozungulira dziwe m'chigulu cha anthu n'kutuluka. Pa masiku atatu, ine sindingamuthamangire.

Tsiku lachiwiri, Fushimi Inari. Kuchoka pa siteshoni ya Kyoto ndi mphindi zisanu pa sitima ya JR yopita ku Nara, koma ikhale yoima paliponse, chifukwa yofulumira imadutsa pa Inari osaima. Satseka usana ndi usiku, salipiritsa. Ndi kachisi wa Chishinto wa mu 711, wa mzimu wa mpunga womwe pambuyo pake amalonda anautenga kukhala wawo. N'chifukwa chake zipata zofiira pafupifupi 10,000 zomwe zakuta njira zinaperekedwa ndi makampani ndi anthu, ndipo mukacheuka mudzaona dzina la wopereka ndi tsiku zitalembedwa kuseri. Ziboliboli za nkhandwe zomwe zaluma kiyi kapena ngala ya mpunga ndi amithenga a mzimuwo. M'munsi ndi chipwirikiti, aliyense ndi foni m'mwamba. Musakhumudwe, kwerani. Phirilo ndi mamita 233 okha, koma ndi masitepe okhaokha, ndipo anthu amachepa mukamakwera. Ambiri amabwerera pa mphambano ya Yotsutsuji pomwe mzinda umaonekera. Kuzungulira nsonga n'kubwerera pansi kumatenga maola awiri kapena atatu. Pamwamba penipeni palibe choona patali, pali timaguwa tamiyala miyandamiyanda todera ndi utsi wa makandulo. Ngati maondo akudandaula, Yotsutsuji yakwana. Masana ake mupume, kapena mungoyendayenda m'mbali mwa mtsinje wa Kamo.

Tsiku lachitatu, Nara, likulu la dziko kuyambira 710 mpaka 784. Kwerani sitima ya Kintetsu, siteshoni yake ili pafupi ndi paki kuposa ya JR. Kuno n'kosavuta, malo onse ali m'paki imodzi. Ku Todai-ji kuli chiboliboli cha Buddha chamkuwa, mamita pafupifupi 15, chomwe mfumu Shomu inalamula mu 743, dziko litangozunzika ndi mliri wa nthomba umene unapha anthu osaneneka. Anachitsegulira mu 752. Nyumba yake inapsa pa nkhondo kawiri, mu 1180 ndi 1567, ndipo yomwe ilipo ndi ya 1709, yocheperapo poyerekeza ndi yoyambayo. Mukaima pakhomo pake mudzadzifunsa kuti nanga yoyambayo inali yotani. Mukatuluka musabwerere komwe mwachokera. Kwerani kanjira ka kuseri kopita ku Nigatsu-do, khonde lake n'laulere ndipo Nara yense amaoneka, kenako mutsate m'munsi mwa phiri mpaka ku Kasuga Taisha, wa mu 768, wokhala ndi nyali pafupifupi 3,000 zamiyala ndi zamkuwa. Nkhalango ya kuseri kwake inaletsedwa kudula mitengo ndi kusaka kuyambira 841. Agwape oposa chikwi oyendayenda m'pakimo amatengedwa ngati amithenga a mizimu ya ku Kasuga. Pa zithunzi amaoneka ofatsa, koma nyengo imeneyi amphongo amalusa, ndipo onse akaona mabisiketi awo m'manja mwanu amakuunjikirani n'kumakoka chovala. Mapepala ndi majumbo bisani.

Tinthu ting'onoting'ono: nsapato zikhale zoti munayenda nazo kale komanso zosavuta kuvula, masokosi akhale okhuthala ndi osabooka, chifukwa matabwa a m'kachisi amazizira m'mawa wa Novembala. Dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndipo akachisi ambiri olipiritsa amatseka chapakati pa 4 ndi 5. Nyamulani ndalama m'manja, mawindo ambiri salandira khadi. Za sitima gulani khadi ya ICOCA. Mabini a zinyalala ndi osowa, zanu muzisunga m'chikwama. Ena owerenga amene ulendo wanu udzagwe mu Julayi kapena Ogasiti, dziwani kuti Kyoto wazunguliridwa ndi mapiri ndipo amatentha ngati Nchalo mu Okutobala, kuwonjezapo chinyezi. Muzilawirira kwambiri, masana mubisale.

Za Kumano Kodo, Mayi, ulendo uno ayi, pokhapokha mutasiya zonse ndalembazi. Ndi njira zakale za apaulendo achipembedzo m'mapiri a Kii, kum'mwera kwa Osaka, zolumikiza akachisi atatu a Hongu, Hayatama ndi Nachi, ndipo UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2004. Kungofika poyambira kuchoka ku Kobe kumadya theka la tsiku. Chigawo chomwe ambiri amayenda, kuchoka ku Takijiri kufika ku Hongu, ndi makilomita pafupifupi 38 a zitunda, masiku awiri athunthu kwa munthu wamphamvu, ndipo timidzi ta panjira tili ndi malo ogona ochepa omwe amasungitsidwa miyezi isanafike. Maphunziro akakupatsani mpata wina, pali chidule chake: kukwera basi mpaka ku Hosshinmon-oji n'kuyenda makilomita 7 otsiriza kulowa ku Hongu, kudutsa m'nkhalango ndi m'minda ya tiyi. Kumeneko mudzaona torii ya mamita pafupifupi 34 itaima pakati pa minda ya mpunga, pamalo pomwe kachisi anali madzi osefukira asanamukokolole mu 1889. Kumapiriko mabasi ndi owerengeka patsiku, ndiye nthawi ya basi yomaliza muilembe papepala musanayambe kuyenda.