Chinkhwe cha makutu achikasu ndi kanjedza wa ku Colombia

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinamva kuti ku South America kuli chinkhwe chomwe chinatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha Lamulungu la Kanjedza. Kodi n'zoona?"

N'zoona ndithu, koma mlanduwu si wa tchalitchi chokha.

Mbalame mukunenayo ndi chinkhwe cha makutu achikasu, chomwe asayansi amachitcha Ognorhynchus icterotis. Chimakhala m'mapiri a Andes ku Colombia, m'nkhalango za pamwamba pomwe nkhungu siichoka. N'chobiriwira, chamchira wautali, mlomo wake wakuda, ndipo pamphumi ndi m'mbali mwa mutu pali nthenga zachikasu. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 42.

Moyo wake wonse wagona pa mtengo wa mtundu umodzi, kanjedza wa phula, womwe umatalika mpaka mamita 60. Zinkhwezi zimagona pamtengowu, zimadya zipatso zake, ndipo zimaswera m'mphako za thunthu louma lomwe likadali chiimire. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti pachisa pamapezekanso chinkhwe china chothandiza makolo kudyetsa ana.

Chaka chilichonse anthu ankadula nsonga za kanjedzayu kuti akanyamule pa Lamulungu la Kanjedza, mitengo yambiri n'kufa. Koma chimene chinawononga kwambiri ndi kugwetsa nkhalango pofuna msipu wa ng'ombe. Kanjedza wamkulu amatha kutsala yekha pakati pa msipu, koma timbewu tomera pansi pake ng'ombe zimadya kapena kutiponda, ndipo mtengowu umakula pang'onopang'ono kwambiri.

Ambiri ankaganiza kuti mbalameyi inatha, mpaka mu 1999 pomwe ofufuza anapeza zinkhwe 81 ku Roncesvalles, m'dera la Tolima. Bungwe loteteza mbalame la ProAves linayamba kuteteza malowo, kubzala kanjedza ndi kupachika mabokosi oswera. Tchalitchi cha Katolika chinagwirizana nawo, ansembe n'kumalimbikitsa akhristu kunyamula nthambi za mitengo ina. Apa ndimawayamikira kwambiri, poti mwambo sunathe ndipo mtengo unapulumuka.

Pofika 2010 zinkhwezi zinaposa 1,000, ndipo mu 2020 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zingatheretu padziko, linazichotsa m'gulu la zomwe zili pangozi yaikulu n'kuziika m'gulu lotsikirapo. Nkhawa yanga ikadali pa kanjedza wamng'ono uja wa kumsipu, chifukwa mitengo yokalamba ikadzagwa popanda yolowa m'malo, zinkhwe zidzasowa poswera.