Agogo Akakana Maluwa a Mapepala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene ntchito panyumba yosamalira okalamba. Ndaifupikitsa pang'ono: "Chisanu chatha, mitengo yayamba kuphukira, ndiye abwana andiuza kuti ndikonze ntchito zamanja zogwirizana ndi nyengoyi. Ndinachezera usiku kudula maluwa a mapepala kuti agogo akangomata. Mwa anthu 12, anayi anawodzera, awiri anatuluka, ndipo abambo ena anakankha pepalalo n'kunena kuti iwo si mwana. Ndalakwitsa pati? Nanga ndiwapatse chiyani?"

Pepani achemwali, tulo tanu tinapita pachabe. Koma abambowo ananena zoona. Ntchito yonse munali mutaigwira kale inuyo usiku uja. Munasankha mtundu, munadula, munalemba ndi pomata pomwe. Iwo munangowasiyira guluu. Munthu amene analera ana, kumanga nyumba, mwinanso kuyang'anira antchito anzake kwa zaka 30, amazindikira msanga akapatsidwa chinthu chongomutayitsa nthawi.

Pali kafukufuku wakale amene ndimakonda kuwauza anthu atsopano pantchitoyi. Mu 1976, akatswiri a maganizo Ellen Langer ndi Judith Rodin anafalitsa zimene anapeza panyumba ina ya okalamba ku Connecticut, m'dziko la America. Okalamba a gulu limodzi anauzidwa kuti asankhe okha chomera cha mumphika ndipo azichisamala okha. A gulu linalo anapatsidwanso chomera, koma anauzidwa kuti anamwino ndi amene azithirira. Patatha miyezi 18, pagulu lothirira lokha panali patamwalira anthu pafupifupi 15 pa 100 alionse, pomwe pagulu linalo anali pafupifupi 30. Anthuwo anali ochepa, choncho musathamangire kunena kuti duwa limatalikitsa moyo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zomera zinalipo mbali zonse ziwiri. Chimodzi mwa zimene zinasiyana chinali mwini wake wa chomeracho.

Ndiye poti ino ndi nyengo yophukira, yambirani pomwepo, padothi. Pezani timiphika, dothi logula lopanda mankhwala, ndi njere zikuluzikulu zogwirika ndi zala zouma, monga mpendadzuwa kapena nyemba. Njere zing'onozing'ono ngati mchenga zimangokhumudwitsa munthu wonjenjemera manja. Tsiku loyamba apente timiphika, aliyense mtundu umene wafuna, ngakhale utakhala wosakusangalatsani inu. Tsiku lachiwiri adzale. Nyemba imatuluka pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ubwino wake uli pamenepo. Duwa la pepala likamatidwa, nkhani yatha. Mbewu imafuna munthu mawa ndi mkuja. Ndinkasamalira agogo ena aakazi amene ankavuta kudzuka m'mawa, koma kamphika kawo katakhala pawindo, ndinkawapeza atakhala kale m'mphepete mwa bedi, chala chili m'dothi mpaka pamfundo yoyamba, akuyesa ngati lauma. Ndikafuna kuthirira ankandimenya kadzanja: "Iwe, uoletsa mizu." Ndipo ankanena zoona, ine ndimathirira mopyola.

Chachiwiri chimene chimayenda bwino ndi kuumitsa maluwa ndi masamba. Atulutseni panja amene angathe, a pawilutcheya omwe, akathyole okha. Duwa lopyapyala muliike pakati pa mapepala awiri omwa madzi, mutsindire ndi mabuku olemera, mudikire masabata awiri kapena atatu. Likauma alimate pakhadi n'kulembapo mawu opita kwa mdzukulu kapena mnzawo wakale. Khadilo litumizidwedi, lisakathere m'dirowa ya muofesi. Mukafuna chofulumira, pakani penti kunsi kwa tsamba, kumene kuli mitsempha, n'kulidinda pansalu yoyera. Nsaluyo ikhale yoyala patebulo lodyera, aliyense aziona kuti tsamba langa ndi ili.

Za abambo aja. Musawafunse kuti "mukufuna kupanga chiyani?" chifukwa ayankha kuti palibe. Funsani achibale awo kapena iwo eni kuti manjawo ankagwira ntchito yanji. Kumene ndinkagwira ntchito kunali mdala wina, kalipentala wakale, amene matenda oiwalaiwala anali atawalanda ngakhale mayina a ana awo. Zojambulajambula ankangoziyang'ana kumbali. Tsiku lina ndinabweretsa timatabwa tocheka kale toti tikhomere mbalame kabokosi kodyera, n'kunena kuti, "Bambo, tandithandizani, thabwali likundilasa." Anatenga sandipepa, anaipinda katatu osayang'ana n'komwe, n'kuyamba kukwecha motsatira mizere ya thabwalo. Akakwecha pang'ono ankapemerera fumbi, n'kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete. Langa analitenga, analiyang'ana, n'kupukusa mutu. Zimenezi si zozizwitsa. Matenda a Alzheimer's, amene ndi amene amachititsa anthu ambiri kuiwalaiwala, amayamba kuwononga mbali ya ubongo yosunga zinthu zongochitika kumene, pomwe luso limene manja anazolowera kwa zaka zambiri limachedwa kufufutika. N'chifukwa chake telala woiwala kuti lero ndi lachingati amathabe kupinda mpendero wowongoka, ndipo woluka amakulunga ulusi bwinobwino. Mawu akuti "tandithandizani" amatsegula zitseko zambiri kuposa "bwerani tidzasewere."

Tsopano zathupi, poti nthawi zina munthu amakana chifukwa chochita manyazi kunena kuti sakuona kapena zala zikuwawa. Diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa kuwala kochepa kwambiri poyerekeza ndi la wa zaka 20, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kagalasi ka m'diso kamayamba chikasu, moti buluu, wobiriwira ndi pepo zimaoneka zofananafanana. Onjezanipo ng'ala. Choncho tebulo likhale pafupi ndi windo, kuwala kuchokere kumbali osati kumaso, ndipo pepala loyera lisaikidwe patebulo loyera. Yalani nsalu yakuda bii kapena yofiira yopanda maluwamaluwa. A nyamakazi akulungireni nsalu kapena siponji pachigwiriro cha burashi kuti chinenepe, ndipo musawayambitse m'mamawa mfundo zisanamasuke. Amene anachita sitiroko n'kutsala ndi dzanja limodzi, pepala lawo mulimate patebulo ndi tepi kuti lisathawe. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litakwera, masana asanafike. Dzuwa likapendeka, ambiri odwala matenda oiwalaiwala amasowa mtendere, ndiye si nthawi yowapatsa sizasi. Mphindi 30 kapena 40 zakwana, ndipo anthu 12 kwa inu nokha achuluka. Agaweni anayianayi.

Chenjezo limodzi lokha ndilinene mwamphamvu: chilichonse chimene chili patebulo chikhoza kulowa m'kamwa. Mikanda, mabatani ang'onoang'ono ndi timiyala tokongoletsera zisakhalepo ngati pali wosokonezeka maganizo. Penti ndi guluu zikhale zosungunuka ndi madzi, zolembedwa kuti zilibe poizoni. Maluwa ena okongola ndi oopsa: oleander ndi foxglove amasokoneza mtima, njere za nsatsi zimapha, ndipo mizu ya daffodil imafanana ndi anyezi moti anthu amadya molakwitsa. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, kabala kakang'ono kamatuluka magazi nthawi yaitali, choncho funsani anamwino musanagawe zakuthwa. Akamaliza kugwira dothi asambe m'manja.

Ndiulule cholakwa changa, mwina mungachipewe. Chaka changa choyamba, agogo ena anamata masamba awo mopendekera, ena kugwera kunja kwa khadi. Iwo atapita kukapuma, ine ndinamatula n'kuwongola kuti achibale akabwera aone zokongola. Mawa lake anaitenga khadiyo, anaitembenuza, n'kuiika pansi mwakachetechete. "Iyi si yanga." Anatha masabata atatu osabweranso patebulo. Kuyambira pamenepo manja anga ndimawakhalira. Ngakhale Henri Matisse, wojambula wotchuka wa ku France, atachitidwa opaleshoni mu 1941 n'kumakhalira pawilutcheya, omuthandiza ankapenta mapepala ndi kuwakhoma pakhoma pamene iye waloza, koma sizasi inkakhala m'manja mwake.

Anayi owodzera aja musawawerengere kuti alephera. Ena amabwera kudzamva fungo la dothi lonyowa ndi macheza, ndipo wina amene wangokhala chete mukhoza kumupatsa udindo wosankha mtundu wa penti kapena kugwirizira kamphika mnzake akamathira dothi.

Maluwa munadula aja musataye. Aikeni m'bokosi limodzi ndi mapepala osadula ndi sizasi yosasongoka, pakhoza kupezeka wina wowafuna. Lolemba pitani kwa abambo aja muli ndi kamphika, thumba la dothi ndi njere za mitundu iwiri m'dzanja, muwafunse kuti pawindo la chipinda chawo pangamere iti, ndiponso kuti muikwirire mozama bwanji. Mudzandilemberenso zimene adzayankhe.