Batire kutha laputopu ili chigonere: yambani mwaona mem_sleep

Achimwene, funso lanu la Wi-Fi yodukaduka akuyankheni ena. Ine ndikamba za batire, poti mwati laputopu yanu ya Ubuntu mukaitseka usiku ili yodzaza, m'mawa mumaipeza yathima, chikwama chili chotentha.

Amene akuti mukompaile nokha kernel (mtima wa Linux womwe umayendetsa zipangizo za makina) musawamvere. Tsegulani terminal, mulembe cat /sys/power/mem_sleep. Ikabwera [s2idle] deep, vuto mwalipeza. Pa s2idle makina amangowodzera, ndiye chipangizo chimodzi chikakana kupuma, kaya SSD kaya khadi ya Wi-Fi, moto umatha usiku wonse. Deep ndi kagonedwe kakale kotchedwa S3, pomwe moto umangotsala ku RAM. Yesani kaye: echo deep | sudo tee /sys/power/mem_sleep, mutseke, mudikire, mutsegule. Ikadzuka bwino, kiyibodi ndi sikirini zikugwira, onjezani mem_sleep_default=deep pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT mu /etc/default/grub, kenako sudo update-grub. Ngati deep palibiretu, lowani mu BIOS (maseting'i a makina omwe mumalowamo poyatsa, Ubuntu isanayambe). Ma ThinkPad ena ali ndi Sleep State, pamenepo sankhani Linux. Makina ambiri atsopano S3 anaichotsa, choncho chomwe chatsala ndi kuika BIOS yatsopano ndi kernel yaposachedwa.

Koma chonde, wina akakuuzani kuti muonjeze pcie_aspm=force pa mzere womwewo, musaigwire. Malangizo amenewo ndi a mu 2011, nthawi yomwe kernel 2.6.38 inkatha mabatire chifukwa cha ASPM (njira yosungira moto pa zipangizo za PCIe), ndipo Matthew Garrett, mmodzi wa olemba kernel, anakonza kalekale. Zolemba za kernel zenizenizo zimachenjeza kuti force ikhoza kuumitsa makina. Mlamu wanga anamuikira zimenezi munthu wina wokonza makompyuta. Laputopu inauma ili mkati mokopera mafayilo a ntchito, mbewa osasuntha, fani ikungolira, mpaka tinachita kuizimitsa pabatani, mafayilo ena n'kuwonongeka. Batire sinasinthe n'komwe.

Powertop --auto-tune, lamulo losungira batire, nayo samalani, imagoneka ma USB, mbewa n'kumachedwa kudzuka mukaisiya pang'ono. Mukafuna TLP, pulogalamu ina yosungira batire, power-profiles-daemon yomwe imabwera ndi Ubuntu muichotse kaye, ziwirizi zimalimbana.

Musanavutike ndi zonsezi, onani mu /sys/class/power_supply/BAT0, mufananize energy_full ndi energy_full_design (pena amalemba charge_full). Ngati yatsala theka, batireyo yatopa basi, kernel ilibe mlandu. Mtengo wa yatsopano umatengera modelo, koma zotchipa zopanda dzina zija zimatupa msanga n'kukankha touchpad.