SUV ya Dizilo Kapena Galimoto Yaing'ono ya Petulo? Yankho kwa Mayi Wina

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Iwo ndi amuna awo akhala akusunga ndalama kwa zaka 4, ndipo tsopano akufuna kugula galimoto yatsopano, yoti sinayendepo, ndalama zoperewera akabwereka kubanki. Ali ndi ana awiri, wina wa zaka 6, wina sanakwanitse chaka. Mayiwa amayenda makilomita pafupifupi 8 popita kuntchito, kudzera kusukulu ya mwana, pamsewu wothithikana magalimoto m'mawa ndi madzulo. Kawiri kapena katatu pachaka banjali limapita kukaona makolo, ndipo chigawo chomaliza cha ulendowo ndi msewu wafumbi umene umachita matope nthawi ya mvula. Bambo akufuna SUV (galimoto yaikulu yokwera kuchokera pansi) ya dizilo ya mipando 7, yokoka ndi matayala onse anayi. Mayi mtima wawo uli pa galimoto yaing'ono ya petulo. Anamaliza ndi mawu akuti: "Tithandizeni, patha mwezi tikukambirana osamvana."

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Ndiyamba ndi chimene ndimauza aliyense wondifunsa funso lotereli: galimoto muigulire sabata yanu ya masiku onse. Maulendo atatu a pachaka aja ali ndi njira zina zowathetsera, koma msewu wa kuntchito muziuyenda masiku oposa 200 chaka chilichonse, ndipo ndi umenewo umene uzidya ndalama zanu.

Tengani kope, mulembe ulendo uliwonse umene mwayenda kwa milungu iwiri: makilomita, anthu amene anakwera, katundu amene munanyamula, mtundu wa msewu. Ambiri akachita zimenezi amadabwa kuona kuti masiku ambiri m'galimoto mumakhala anthu awiri kapena atatu ndi chikwama cha sukulu. Inenso ndinaphunzira mochedwa. Galimoto yanga yachiwiri inali yaikulu, yamipando yambiri, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkaona abale onse atakwera. Mipando ya kumbuyo kwenikweni ija ndinaitsegula kanayi pa zaka zitatu, ndipo masiku ena onsewo ndinkaigulira mafuta ili yopinda. Wogulitsa sanandinamize chilichonse. Sanandifunse za maulendo anga, ndipo ine sindinadzifunse.

Tsopano nkhani ya dizilo, imene ndikufuna bambo aimvetse bwino chifukwa maganizo awo si olakwika ayi. N'zoona kuti injini ya dizilo imamwa mafuta ochepa pa ulendo wautali, ndipo ili ndi mphamvu yokoka katundu wolemera. Vuto ndi maulendo anu a makilomita 8. Magalimoto ambiri a dizilo amakono ali ndi sefa ya mwaye m'paipi yotulutsira utsi, imene amakanika amaitchula kuti DPF. Sefayi imagwira mwaye, ndipo kuti idziyeretse pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, kumene kumapezeka galimoto ikathamanga mosadukiza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Galimoto imene imangoyenda n'kuima, kuyenda n'kuima, n'kuzimitsidwa injini isanatenthe bwinobwino, sefa yake imadzadza pang'onopang'ono. Kenako pamayaka kagetsi kochenjeza, mphamvu n'kuchepa, ndipo kukonza kapena kusintha sefayo si ndalama zamasewera. Pamwamba pa zimenezo, galimoto ya dizilo imagulidwa modula kuposa inzake ya petulo, ndiye kuti ndalama zowonjezerazo zibwerere kudzera pa mafuta, muyenera kumayenda makilomita ambiri zedi pachaka. Inu simuyenda choncho.

Za matayala anayi okoka, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Pamsewu wafumbi wa maenje ndi miyala, chimene chimapulumutsa galimoto kawirikawiri ndi kutalika kwa mimba yake kuchokera pansi. Saluni wamba imakhala ndi masentimita 13 mpaka 15, pomwe ma SUV ang'onoang'ono ambiri ali ndi 17 mpaka 20, ngakhale amene amakoka ndi matayala akutsogolo okha. Kusiyana kwa masentimita 4 kapena 5 kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti ina ikhule pansi ina idutse bwinobwino. Kukoka ndi matayala onse anayi kumathandizadi m'matope akuya, mumchenga ndi pachitunda choterera, koma kumawonjezera kulemera, kumwa mafuta, ndi zitsulo zina zofuna sevisi. Ndipo sikuthandiza kuima msanga mukaponda buleki. Choncho funso loti mufunsane ndi bambo ndi ili: pa zaka 5 zapitazi, ndi kangati pamene galimoto wamba inalepheradi kufika kwa makolo? Ngati ndi kamodzi kapena kawiri, kubwereka galimoto yamphamvu pa masiku amenewo n'kotchipa kutalitali kuyerekeza ndi kuisamalira chaka chonse. Ngati msewuwo umakhala woipa miyezi yambiri ndipo mungafunike kuthamangirako mwadzidzidzi chifukwa cha matenda a makolo, pamenepo bambo ali ndi mfundo, ndipo muwamvere.

Tibwere ku ndalama. Mtengo wolembedwa pagalasi la galimoto ndi chiyambi chabe. Chimene chizikukhudzani ndi zonse zotuluka m'thumba mwezi ndi mwezi: kubweza ngongole, inshuwalansi, mafuta, sevisi, matayala, misonkho ndi ziphaso. Alangizi a zachuma ena amagwiritsa ntchito kalamulo kotchedwa 20/4/10: perekani 20 pa 100 iliyonse ya mtengo poyamba, ngongole isapitirire zaka 4, ndipo zolipira za galimoto pamwezi zisapose 10 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene banja limapeza. Si lamulo la boma, ndipo kumene chiwongoladzanja chili chokwera n'kovuta kulikwaniritsa, komabe ndi muyeso wabwino wodziwira ngati mukudzisenzetsa mtolo wokukulirani.

Wogulitsa akakufunsani kuti "mungakwanitse zingati pamwezi?", musayankhe funso limenelo. Likayankhidwa, njira yolowetsera galimoto yodula m'malire anu ndi kutalikitsa ngongole. Onani chitsanzo ichi, ndalama zake zikhale za mtundu uliwonse. Mwabwereka 1,000 pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pachaka. Mukabweza kwa zaka 3, muzipereka pafupifupi 37 pamwezi, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka 1,338. Mukabweza kwa zaka 5, pamwezi zitsika kufika pa 26 ndi theka, zimene zikumveka zopepuka, koma zonse pamodzi zikhala pafupifupi 1,590. Chiwongoladzanja chachoka pa 338 kufika pa 590, galimoto ili yomweyo. Ndiye funsani mtengo wonse wa galimoto, kenako ndalama zonse zimene mudzakhale mutabweza ngongole ikamatha. Mufunsenso ngati pali ndalama yaikulu yodzapereka kamodzi kumapeto, chifukwa mapangano ena amatsitsa za pamwezi pobisa mtolo kutsogolo.

Pali chinanso chimene sichituluka m'thumba mooneka, koma n'chachikulu: galimoto yatsopano imatsika mtengo mofulumira kwambiri m'zaka zoyambirira. Ngati munapereka zochepa poyamba ndipo ngongole ndi yaitali, mukhoza kufika poti ngongole yotsala ikuposa ndalama zimene mungapeze mutaigulitsa. Ichi n'chifukwa chake ndimati wogula yatsopano akhale wokonzeka kukhala nayo zaka zambiri. Ubwino wa yatsopano ndi warranty (lonjezo la wopanga lokonza mwaulere zolakwika za kufakitale), imene kwa opanga ambiri imakhala zaka 3 kapena makilomita 100,000, ena mpaka zaka 5 kapena 7. Werengani bwino zimene zingaithetse, makamaka za malo ochitirako sevisi ndi nthawi yake.

Mafuta awerengereni motere. Tinene kuti pachaka mumayenda makilomita 15,000. Galimoto yomwa malita 6 pa makilomita 100 ifuna malita 900. Yomwa malita 9 ifuna 1,350. Kusiyana kwake ndi malita 450 pachaka, 2,250 pa zaka 5. Chulukitsani ndi mtengo wa lita kumene mukukhala, muone chiwerengerocho ndi maso anu, bambo ali pomwepo. Dziwaninso kuti manambala a m'kabuku ka wopanga amachokera ku mayeso a m'labotale. Mayeso a WLTP, amene anayamba ku Ulaya mu 2017 m'malo mwa akale otchedwa NEDC, amayandikirako ku zenizeni, komabe m'tauni, injini isanatenthe ndiponso choziziritsira mpweya chili choyatsa, galimoto imamwa kuposa pamenepo.

Apa ndi pamene ndikufuna muganizireko hybrid, galimoto yokhala ndi injini ya petulo ndi mota yamagetsi. Si chinthu chachilendo: Toyota inayamba kugulitsa hybrid yake yotchedwa Prius ku Japan mu 1997. Hybrid imapindulitsa kwambiri pa mayendedwe ngati anu, chifukwa mukaponda buleki imatenga mphamvu imene ikanatayika n'kuisunga m'batire, ndipo pamzere wa magalimoto injini imazima yokha. Pamsewu wautali wothamanga phindu lake limachepa. Batire yake nthawi zambiri imakhala ndi warranty ya zaka 8 kapena makilomita 160,000. Chofunika n'kutsimikiza kuti kufupi ndi kwanu kuli makanika woidziwa. Mfundo imeneyi ndi ya galimoto iliyonse: musanasankhe, pitani kwa makanika amene sagulitsa magalimoto, mumufunse kuti ndi ziti zimene masipeya ake amapezeka msanga. Galimoto ngati Corolla, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1966 ndipo zagulitsidwa zoposa 50 miliyoni, anthu amaikonda chifukwa cha chimenechi. Galimoto yokongola yodikira sipeya milungu 6 m'galaja siikufikitsani kuntchito.

Giya yosintha yokha ndi imene ndingakusankhireni chifukwa cha kuthithikana kwa pamsewu; mwendo wa kumanzere upuma. Matayala ndi marimu musawanyalanyaze. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala monga 195/65 R15: m'lifupi mamilimita 195, khoma la tayala ndi 65 pa 100 ya m'lifupimo, rimu ya mainchesi 15. Marimu akuluakulu a mainchesi 18 amakongola, koma matayala ake amakhala ndi khoma lalifupi, amadula, ndipo amaphulika kapena kupindisa rimu mosavuta padzenje. Pa msewu wa kwa makolo uja, rimu yaing'ono ndi tayala la khoma lalitali ndiye zabwino. Mutsegulenso pansi pa buti muone ngati muli tayala lapadera, poti magalimoto ena atsopano amangobwera ndi kabotolo komatira ndi kapampu.

Pa chitetezo pokha ndikupemphani musachepetse ndalama. Siyani mipando yachikopa, siyani denga lagalasi, koma galimoto ikhale ndi ABS (chipangizo choletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwamphamvu), ma airbag (matumba a mpweya ofufuma pa ngozi) akutsogolo ndi a m'mbali, ndiponso ESC, chipangizo chimene chimagwira buleki tayala limodzilimodzi galimoto ikayamba kutsetsereka pokhota. Ku European Union chipangizochi chinakhala chokakamiza pa magalimoto onse atsopano kuyambira 2014, koma m'misika ina chimapezekabe pa mitundu yodula yokha. Onani nyenyezi zimene galimotoyo inapeza pa mayeso a ngozi a mabungwe monga Euro NCAP kapena Global NCAP, ndipo musamale: galimoto ya dzina limodzi ikhoza kupangidwa mosiyana malinga ndi msika. Mu 2014 Global NCAP itayesa magalimoto otchuka ogulitsidwa ku India, angapo sanapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa kuteteza akuluakulu. Choncho fufuzani zotsatira za mtundu weniweni umene mukugula. Kwa khanda lanu, mipando yakumbuyo ikhale ndi tizitsulo ta ISOFIX tokolekera mpando wa mwana, ndipo mpando woyang'ana kumbuyo musauike kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito.

Ndiye maganizo anga ndi awa, mayi. Kutengera zimene mwandilembera, ndikanakhala inu ndikanayang'ana SUV yaing'ono ya mipando 5, ya petulo kapena hybrid, injini ya malita 1.5 kapena pafupi pamenepo, yokoka ndi matayala akutsogolo, yotalika masentimita 17 kapena kuposerapo kuchokera pansi. Bambo apeza galimoto yokwera imene ifika kwa makolo masiku ambiri, inu mupeza yosavuta kuimika ndi yosamwa mafuta, ndipo ngongole ikhala yaifupi.

Tsiku lokaiyesa mupite nonse, ndi ana omwe. Tengani mpando wa khanda muumangirire nokha kumbuyo, kenako bambo akhale kutsogolo kwake muone ngati mawondo awo sakugunda. Lowetsani ngolo ya mwana m'buti pamodzi ndi zikwama ziwiri, mutseke. Muiyendetse inuyo, popeza ndinu muziiyendetsa tsiku ndi tsiku: muzimitse wailesi, mudutse pa hampu ndi pamsewu wa mabampu, muibweze chambuyo polowa pamalo opanikiza, muone ngati mukuona bwino pagalasi lakumbuyo. Yesani zosachepera zitatu za makampani osiyana. Pomaliza pemphani kuti akulembereni papepala mtengo wonse, misonkho ndi zolipira zina zonse zili momwemo, mupite nalo kunyumba musanasaine chilichonse. Mukatha milungu iwiri ya kope lija, mundilemberenso makilomita amene mwapeza ndi magalimoto atatu amene mwawayesa, tidzawerengere limodzi.